Chitseko cha Malemu Nungu

Padangotero, kale nyama zikadaikana m'manda ndi mwambo wonse monga timachitira ife. Amene mwabwera kudzamva, vomerani kuti tili tonse. Amene mwabwerera chakudya, ingokhalani chete, mudya.

Panali a Nungu, mkamwini pamudzi pa akazi awo, Nachisale. Anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, wamkulu kale, dzina lake Sekanawo. A Nungu sanali olemera. Anali ndi mbuzi zinayi, kadimba, ndi chitseko cha mlombwa chimene anasema okha chaka chimene mwanayo anabadwa. Chitsekocho chinali cholemera kwambiri, ndipo masana sichinkatsekedwa.

Sichinkatsekedwa chifukwa cha odwala. A Nungu ankadziwa za m'mimba. Wina akadzimbidwa, masiku n'kumadutsa osapita kuseri, ankabwera kwa iwo. Analibe nsupa, analibe zithumwa. Ankangofunsa kuti wadya chiyani, wamwa madzi ochuluka bwanji, wayenda kufika pati. Akamva, ankapita kudimba. Pokonza zakudya za wodwalayo ankaimba kanyimbo ka mizere iwiri. Mzere woyamba unkafunsa kuti watseka ndani, ndipo wodwala ankayenera kuvomera kuti watseka yekha. Ankabwereza mpaka wodwalayo ataseka. Sanalipiritsepo aliyense.

Kenako a Nungu anadwala miyezi itatu. Chitseko chinali chotsegula miyezi yonseyo. Zinkalowa ndi nkhuku. Onse amene anachira m'nyumba imeneyo anali otanganidwa.

Tsiku limene anamwalira, dzuwa lisanafike pamutu, bwalo linali litadzaza. Patsogolo panali a Nguluwe, amene anati ndiwo mwinimbumba wa kwawo kwa malemu, ndiponso mkulu wawo weniweni. Musandifunse kuti nguluwe imakhala bwanji mkulu wake wa nungu. Pakhomo panali mbuzi zinayi, ubale unapezeka.

"Alamu," anatero a Nguluwe kwa Nachisale, asanapepese n'komwe, "ndiwo zili bwanji?"

"Kudimba kuli bonongwe ndi nkhwani, alamu. Therere liliponso."

"Masamba? Pamaliro a mng'ono wanga? Mukufuna anthu akatiseke? A Fisi!"

A Fisi anali mkulu wa adzukulu, okumba manda aja. "Wawa!"

"Mbuzi zilipo zingati?"

"Zinayi. Ndaziyendera kale."

"Imodzi patsiku."

Maliro anakhala masiku anayi. Ufa wa mgaiwa umene unali m'nyumba a Nguluwe anaukana, ati ndi chakudya cha nkhumba. Onena zimenezo ndi a Nguluwe. Analamula amayi kuti akonole chimanga apeze ufa woyera, ndipo gaga yense anakamutaya kuseri kwa khola. Madzi sankamwa, ati amatenga malo a nyama. Kumanda sanapite, ati bondo. Anatsalira pampando wa malemu, kulondera mphika.

Sekanawo sanalire masiku onsewo. Analibe mpata. Ankatunga madzi osambira m'manja ndi kuwaza nkhuni.

Tsiku lometa, pamene abale amagawana katundu wa malemu, a Nguluwe anayang'ana uku ndi uku. Mbuzi zinali zitatha. Mphasa yabwino anali ataikira malemu.

"Alamu, ife ndife anthu a mwambo," anatero. "Nyumba ili pa dothi la kwanu, sitiikhudza. Dimba ndi lanunso. Koma chitseko ichi anasema ndi m'bale wathu, ndi manja a kwathu. Chipita kwawo."

"Alamu, ino ndi Juni," anatero Nachisale. "Ndayamba kale kutsokomola."

"Mupachikepo chiguduli."

Minga ya Sekanawo inaima yonse, phokoso lake ngati nsungwi zouma. Mayi ake anamuyang'ana. Iye anaigoneka mingayo umodzi umodzi, n'kumwetulira.

"Iwe mwanawe," anatero a Nguluwe, "mano ukuonetsawo sanyamula katundu. Zula chitsekocho, undiperekeze. Usaiwale mpiringidzo wake."

Sekanawo ananyamula chitseko cha bambo ake pamsana mpaka kwa a Nguluwe. A Nguluwe ankabwera pambuyo ndi miyendo iwiri ya mbuzi yowamba.

Patapita masiku atatu, chifuwa cha Nachisale chinakula. Pakhomo anapachikapo kamphasa kong'ambika, koma mphepo inkangokakankha n'kulowa. Sekanawo anapita kukapempha.

Anapeza a Nguluwe pakhonde akudya nyama yowamba ija ndi nsima yoyera.

"Bambo aakulu, amayi akudwala. Tibwerekeniko chitseko mpaka kuzizira kuthe."

"Chili pantchito."

"Nyumba yanu ili nacho kale chitseko."

"N'chifukwa chake ndachiika pamene pankasowa. Taona uko."

Sekanawo anacheuka. Chitseko cha mlombwa chinali pachimbudzi.

"Bambo ako akanakondwa," anatero a Nguluwe akutafuna. "Ankakonda za m'mimba."

Minga inaimanso. Sekanawo anaigoneka. Anayandikira chitsekocho ngati akufuna kuchitsanzika, ndipo anaona kuti kangaude wayala ukonde kuchokera pachitseko mpaka pamphuthu. Ukondewo unali wathunthu, wosadukapo ngakhale ulusi umodzi. Anayang'ana mimba ya a Nguluwe, anayang'ananso ukonde uja, n'kutsanzika mwaulemu.

"Akana?" anafunsa Nachisale.

"Akana. Tidikire, amayi."

"Tidikire chiyani?"

"Mbuzi zinayi zinalowa. Palibe imene yatuluka."

Zinali zoona. Tsiku lachisanu chitengereni chitseko, a Nguluwe anayamba kulowa m'chimbudzi muja, koma kunali kungokhala. Ankakhala, kubuula, n'kutuluka ali chimodzimodzi. Anaitana a Fisi.

"Zosavuta izo," anatero a Fisi. "Nyama imakankhidwa ndi nyama inzake. Iphani tambala. Ndikuthandizani."

Anadya tambala. Sizinatheke. A Fisi anati tambalayo anali wamng'ono, pafunika bakha. Anadya bakha. Pofika tsiku lachisanu ndi chitatu mimba ya a Nguluwe inali ngati ng'oma, ndipo akazi awo, Nangondo, anamanga chitenje n'kuuyamba ulendo wa kwa Nachisale.

Atafika anakweza dzanja kuti agogode, koma panalibe pogogoda.

"Odi kuno!"

"Lowani, mayi aakulu," anatero Sekanawo. "Palibe chokuletsani."

Nangondo analowa, maso ali pansi. "Bambo ako aakulu adzimbidwa. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu. Sakudya, sakugona, angotukwana. Kodi malemu anakusiyirako nzeru zija?"

"Anandisiyira. Zimenezo munaiwala kunyamula."

Nangondo atatuluka kukadikira panja, Nachisale anagwira mwana wake pamkono.

"Bambo ako sanabwezepo wodwala."

"Inenso sindimubweza."

"Ndipo sanapatsepo munthu mankhwala abodza."

"Mankhwala akhala oona onse, amayi. Ndingowonjezerapo chitseko."

Anapeza a Nguluwe atagona chagada pakhonde, a Fisi ali pambali kuwauza za nkhanga.

"Mukusanza, bambo aakulu?" anafunsa Sekanawo.

"Ayi."

"Magazi mwaonapo? Thupi likutentha?"

"Ayi. Kungoti ndadzaza, mwanawe. Ndadzaza mpaka m'khosi."

Sekanawo anafunsa zimenezi chifukwa bambo ake ankanena kuti zikatero si za kudimbanso ayi, wodwala amafunika kuthamangira naye kuchipatala. Sankafuna kuti a Nguluwe afe. Akanafa, chitseko chikanagawidwanso tsiku lometa.

Anadina mimbayo pang'ono ndi chala. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana kuchimbudzi nthawi yaitali, akupukusa mutu.

"Waona chiyani?" anafunsa a Nguluwe.

"Chinthu chija munatenga kwathu, dzina lake n'chiyani?"

"Chitseko."

"Ntchito yake?"

"Kutseka."

"Ndiye mukudabwa chiyani?"

A Nguluwe anacheukira kuchimbudzi.

"Mukuganiza kuti bambo ankachisiyiranji chotsegula masana onse? Ankachidziwa. Chikakhala pa nyumba yake chimatseka nyumba. Chikachoka pa nyumba yake chimatseka amene wachitenga. Inu mwachitanso kuchiika pachimbudzi, kuchilozera penipeni. Mbuzi zinayi zili m'katimo, khola latsekedwa."

"Bodza ilo," anatero a Fisi. "Ine ndinadya nawo, bwanji sindinadzimbidwe?"

"Munatenga chitseko inu?"

A Fisi anakanda kukhosi. Iwo ankadya ndi mafupa omwe, ubweya, zikopa, ndiponso ankayenda mtunda wautali tsiku lililonse kufunafuna maliro. Koma zimenezo sanaziganize.

"Ndichite chiyani?" anabuula a Nguluwe.

"Zinthu ziwiri. Choyamba, chitseko chibwerere. Chachiwiri, tisamale mbuzi zili m'katizo kuti zikhale ndi mphamvu yotuluka. Mayi aakulu, tenthetsani madzi angofunda. Amwe zikho ziwiri pompano, ndipo mawa m'mawa ziwiri asanalawe kanthu. Dzuwa likamalowa zikhale zitakwana zisanu ndi zitatu."

"Madzi onsewo ndi a chiyani?"

"Mbuzi zili ndi ludzu. Kenako muwaphikire phala la mgaiwa, muthiremo gaga wodzaza dzanja."

"Gaga? Wa nkhumba uja?"

"Yemweyo. Mbuzi zimamukonda. Nyama ayi, nsima yoyera ayi. Ndipo pakumwa muziimba."

Sekanawo anayambitsa kanyimbo ka bambo ake, kofunsa kuti watseka ndani. A Nguluwe anavomera ndi mawu apansipansi kuti atseka okha, akuyang'ana kumbali kuti anansi asamve. Anamwa madzi, anadya phala nkhope itakwinyika.

Madzulo a tsiku lomwelo a Fisi anafika kwa Nachisale atanyamula chiguduli.

"Akuti ichinso chimatseka," anatero, n'kuchiponya pakhomo.

M'mawa mwake Sekanawo anapita ndi dengu. A Nguluwe anali atakhala tsonga, atagwira mimba.

"Mankhwala ako ndi achabe. M'mimba mwangokhala kulira basi."

"Ndi mbuzi izo. Zamwa madzi, zadzuka. Munabweza chitseko?"

"Ndinatumiza chotsekera."

"Munatumiza chiguduli. Ndiye mwalandira za chiguduli."

Anavundukula dengu. Munali bonongwe, nkhwani, therere, mbatata, ndi papaya lakupsa.

"Masamba aja munawakana pamaliro ndi awa. Mayi aakulu, musawaphike mpaka kusungunuka. Therere likhale lambiri. Mbatata adye ndi makoko ake omwe. Papaya adye theka tsopano, theka madzulo. Madzi apitirize monga dzulo."

"Mimba yadzaza kale, iwe ukuti ndiikemonso msipu?"

"Mbuzi ikaona msipu imayamba kuyenda. Idyani."

"Bambo ako ankadya zimenezi tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse. Mukanabwera nthawi imene ankadwala mukanaona."

Anaimbanso kanyimbo kaja. Ulendo uno a Nguluwe anavomera mokweza pang'ono, chifukwa Sekanawo anati mbuzi sizikumva. Nangondo naye anavomera kuchokera kukhitchini, mokweza kuposa amuna awo.

Madzulo a Fisi anafikanso kwa Nachisale, atanyamula mpiringidzo.

"Akuti muyambe ndi uwu. Chitseko akuchiganizira."

Nachisale anaulandira, n'kuuimika pakona. Mpiringidzo wopanda chitseko ndi ndodo chabe. Anatsokomola, n'kufunda chiguduli chija.

Tsiku lachitatu Sekanawo analawirira. Ananyamula papaya lina ndi chipanda cha madzi a bwemba amene anawanyika kuyambira dzulo lake. Bwembayo anamusunga dala mpaka tsiku lomaliza, chifukwa ankadziwa ntchito yake.

Asanafike pabwalo la a Nguluwe anamva kugunda ngati mfuti yagogodera. Nkhuku zinabalalika. A Nguluwe anali ataphwisa.

"Ndachira!" anakuwa a Nguluwe ali chilili pakhonde. "Wamva zimenezo, mwanawe? Ndachira! Chitseko chikhala pomwepo. Nangondo, gwira nkhanga ija!"

Sekanawo anaima pomwepo. Ankadziwa kuti madzi ndi masamba zagwira kale ntchito, ndipo zotsala zili pafupi. Zikachitika pano, chitseko chapita. Anaika chipanda pansi pang'onopang'ono.

"Chatuluka n'chiyani, bambo aakulu?"

"Mpweya. Wambiri."

"Dzulo munabweza chiyani?"

"Mpiringidzo."

"Basi. Mpiringidzo wachoka, chitseko chasuntha pang'ono, mphepo yadutsa. Mbuzi ingadutse pakampata kotero?"

"Uona," anatero a Nguluwe. Analowa m'chimbudzi n'kutseka chitseko cha mlombwa.

Sekanawo anakhala pansi. Nangondo anaima ndi nkhanga m'manja. A Fisi anali atafika kale ndi mpeni. M'katimo munamveka kubuula, kenako bata, kenako kubuulanso. Sekanawo ankayang'ana chitseko cha bambo ake, ndipo minga yake inkanjenjemera yokha. Anaipanikiza kukhoma kuti isamveke.

Patapita nthawi yoti munthu angaphike nyemba theka, chitseko chinatseguka. A Nguluwe anatuluka thukuta lili thupi lonse.

"Zatheka?" anafunsa Nangondo.

"Masula nkhangayo," anatero a Nguluwe. Anakhala pansi pafupi ndi Sekanawo. "Tenga chitseko chako, mwanawe. Nyamula uzipita."

"Sindingathe."

"Unabwera nacho ndiwe."

"Chitseko sichidziwa amene anachinyamula. Chimadziwa amene analamula. Chibwerera pamsana panu."

"Bondo langa."

"Ndinyamula ine," anatero a Fisi, "mukandipatsa nkhangayo."

"Nyamulani," anatero Sekanawo. "Chikudziwani inunso."

A Fisi anati akumbukira kuti ali ndi msana.

Sekanawo anatsanulira madzi a bwemba m'chikho. A Nguluwe anamwa, nkhope inakwinyika ndi kuwawasa. Anamwa chikho chachiwiri. Anadya papaya lonse. Kenako anazula chitseko pachimbudzi, anachisenza pamsana, ulendo unayamba.

Sekanawo anatsogola akuimba funso lija, a Nguluwe pambuyo akuvomera kuti atseka okha. Ulendo uno sakanatha kubisa mawu, chifukwa Sekanawo anati chitseko chiyenera kumva kuti chikupita kwawo. Nyama zinatuluka m'nyumba zawo kudzaona mwinimbumba atasenza chitseko. Zinali nyama zomwe zija zinadya mbuzi. Zinayamba kutsatira, zinayamba kuwomba m'manja, ndipo posakhalitsa zonse zinkavomera nawo, koma zitasintha mzere wachiwiri kuti utchule dzina la a Nguluwe. Nyama zoterezi sizisankha. Pamaliro zimabwera, pamanyazi a mnzawo zimabweranso.

Kuyenda kunachita zimene kuyenda kumachita. Atadutsa theka la ulendo, a Nguluwe anaima.

"Mwanawe."

"Wawa."

"Zikubwera."

"Yendani."

"Ndikuti zikubwera! Nditule kaye apa, ndilowe patchire."

A Fisi anayandikira n'kunong'ona, koma onse anamva. "Tulani, akulu. Zikatheka pano ndiye kuti si chitseko. Tibwerera nacho."

A Nguluwe anayamba kuwerama kuti atule.

"Tulani," anatero Sekanawo mosatekeseka. "Koma mudziwe chinthu chimodzi. Chitseko chikatsegukira panjira chisanapachikidwe, palibe chodzatsekanso. Mudzatsegula m'mimba kuyambira lero mpaka mvula yoyamba."

A Nguluwe anaweramuka. Anayang'ana tchire, anayang'ana Sekanawo.

"Kwatsala mtunda wautali bwanji?"

"Zitengera bondo lanu."

Bondo linachira pomwepo. A Nguluwe anathamanga ndi timasitepe tating'onoting'ono, miyendo yakumbuyo ataiphatikiza, chitseko chikugunda pamsana. Oimba anafulumizitsa nyimbo kuti igwirizane ndi mapazi. A Nguluwe sankavomeranso. Analibe mpweya woti awononge.

Nachisale anali ataima pakhomo, atafunda chiguduli.

"Takulandirani, alamu. Mwayenda bwanji? Kunyumba mwasiyako bwanji?"

"Alamu, patukani!"

"Ndikupatseni mpando?"

"Patukani, chonde!"

Anakankhira chitseko pamphuthu n'kuchipachika. Anatembenuka kuti athamange.

"Mwazondotsa," anatero Sekanawo.

"Chikutsekabe!"

"Chikutseka, inde. Koma chikakhala chozondoka, zonse zitulukira kukamwa."

A Nguluwe analira ngati mwana. Anazula chitseko, anachitembenuza, anachipachikanso. Sekanawo anachiyesa. Anachitsegula, anachitseka, anachitsegulanso. Anatenga mpiringidzo pakona n'kuuyesa nawonso, mosafulumira.

"Chakhala," anatero.

A Nguluwe sanafunse kumene kuli chimbudzi. Nthawi inalibe. Anafika kuseri kwa khola lopanda kanthu lija, pomwe anatayitsa gaga, n'kuthera pomwepo. Nyimbo inaleka yokha. Nyama zonse zinabwerera m'mbuyo masitepe khumi.

"Amayi," anatero Sekanawo, "mbuzi zabwerera."

Patapita nthawi a Nguluwe anatulukira ali opepuka, maso akuwala, ndipo anapita kwawo osatsanzika. Khamu linawatsatira, chifukwa kwa Nachisale kunalibe chophikidwa.

Nachisale analowa m'nyumba ndi mwana wake, n'kutseka chitseko dzuwa lili pamutu. Aka kanali koyamba. Kuseri kwa chitsekocho, cham'munsi, kunali timizere tambirimbiri, pomwe minga ya a Nungu inkakanda akatsamira poimbira odwala. A Nguluwe sanationepo timizereto masiku onse amene anakhala akuyang'anizana nato. Sekanawo anaika dzanja pamenepo. Minga yake inagona yokha, osaigoneka. Analira mpaka madzulo, ndipo panalibe womutuma kukawaza nkhuni.

Chifuwa cha Nachisale chinayamba kuchepa sabata yomweyo.

Koma a Fisi sanagone nayo nkhaniyo. Anapita kwa a Nguluwe n'kuwauza kuti anapusitsidwa. Ati anafunsafunsa, ndipo aliyense amene anachira kwa malemu anachira ndi madzi, gaga, masamba, papaya, bwemba ndi kuyenda, popanda kusenza chitseko. A Nguluwe anakwiya. Chimbudzi chawo chinali pambalambanda, ndipo ana a anansi ankaimba kanyimbo kaja akangowaona akulowera kumeneko. Tsiku lachinayi anavala jekete la umwinimbumba n'kupita kwa Nachisale, a Fisi pambuyo.

Anapeza chitseko chotseka. Anagogoda.

"Odi!"

"Ndani?" anafunsa Nachisale ali m'kati.

"Ndine, alamu. Mwana wanu anandinamiza. Anandichiza ndi masamba, osati chitseko."

"Mwachira?"

"Ndachira."

"Ndiye mwabwera kudzathokoza."

"Ndabwera kudzatenga katundu wa kwathu."

Sekanawo anadzuka, minga itaima kale. Mayi ake anamukhazika pansi ndi dzanja limodzi. Anachotsa mpiringidzo, koma chitseko sanatsegule.

"Zulani, alamu," anatero. "Ndachotsa mpiringidzo. Mwina ndi masamba, mwina si masamba, ine sindinapite kusukulu. Tengani mukaone. Chikukudziwani kale."

Panja a Nguluwe anayang'ana chitsekocho nthawi yaitali. Dzanja lawo linapita lokha pamimba.

"Zulani inu, a Fisi," anatero.

"Msana, akulu."

A Nguluwe anakonza jekete lawo. Anatsokomola pang'ono.

"Alamu, ndimangodutsa. Ndimati ndikupatseni moni."

"Tili bwino," anatero Nachisale, n'kubwezera mpiringidzo.

Mpaka lero chitsekocho chili pomwepo. Wodwala akabwera, Sekanawo amatsegula, amafunsa mafunso a bambo ake, amapita kudimba, ndipo salipiritsa. Wachibale akabwera, amalankhulira panja.

Nthano yathera pachitseko. Amene munakwirira mbatata paphulusa kaphuleni, mudye ndi makoko omwe, mumwere madzi. Amene muli ndi chitseko cha eni ake kwanu, mukudzidziwa.